Kudya kawiri, katatu kapena kasanu ndi kamodzi: zimene ofufuza apeza pa nkhani ya kucepetsa thupi

Anthu amene afuna kucepetsa thupi amalandira malangizo awiri otsutsana. Ena amawauza kuti azidya pang'ono pang'ono kasanu kapena kasanu ndi kamodzi pa tsiku, kuti thupi lisaleke kutentha mafuta. Ena amati ndi bwino kudumpha cakudya ca m'mawa ndi kudya kawiri kokha, mwinanso kamodzi. Kafukufuku amene wakhala akucitika m'maiko osiyanasiyana kuyambira m'ma 1960 aonetsa kuti ngati cakudya ca tsiku lonse ciri cofanana m'kuculuka kwake, ciwerengero ca maulendo amene munthu wakhala pa mbale sicisintha kwenikweni kulemera kwa thupi lake.

Nkhaniyi ikhudza dziko lino la Zambia. Kafukufuku wa boma wa za umoyo wa anthu anapeza kuti mu 2007 azimai 19 pa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 anali onenepa kupitirira muyeso, ndipo pofika 2013 ndi 2014 ciwerengeroco cinakwera kufika pa 23. Kafukufuku wina wa mu 2017, wochedwa STEPS, amene Unduna wa za Umoyo unacita mothandizana ndi bungwe la World Health Organization, anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi pa anai alionse anali ndi thupi lopitirira muyeso, ndipo pakati pa azimai anali pafupifupi mmodzi pa atatu. Kunenepa kwambiri kumayendera pamodzi ndi matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi, matenda a mtima ndi sitiroko.

Acipatala amayesa thupi pogwiritsa nchito muyeso wochedwa BMI, umene umayerekezera kulemera kwa munthu ndi msinkhu wake. Kuyambira pa 25 munthu wapitirira muyeso. Kuyambira pa 30 ndiye kuti wanenepa kwambiri.

Mmene thupi limagwiritsira nchito mphamvu

Liu lakuti metabolism, limene limamveka kawirikawiri pa nkhaniyi, litanthauza nchito yonse imene thupi limacita posandutsa cakudya kukhala mphamvu ndi pogwiritsa nchito mphamvuyo. Mphamvu ya m'cakudya imawerengedwa m'makalori.

Gawo lalikulu la mphamvu, pafupifupi 60 mpaka 70 peresenti, limatha munthu ali cikhalire kapena ali mtulo. Mtima ukugunda, mapapo akupuma, ubongo, ciwindi ndi impso zikugwira nchito, thupi likudzitenthetsa. Gawoli limadalira kukula kwa thupi, kuculuka kwa minofu, zaka za munthu ndi cibadwa cake. Gawo laciwiri ndi la kuyenda ndi kugwira nchito, ndipo ndilo limasiyana kwambiri pakati pa anthu: mlimi amene wacezera kulima ndi khasu ku Katete amawononga mphamvu yoculuka kuposa kalaliki amene wakhala pa desiki tsiku lonse mu Lusaka. Gawo lacitatu ndi laling'ono, pafupifupi 10 peresenti, ndipo ndi mphamvu imene thupi limagwiritsa nchito pogaya cakudya comweco.

Ganizo lakuti kudya pafupipafupi kumaonjetsa linamangidwa pa gawo lacitatuli. Ndi zoona kuti munthu akangodya, thupi limatentha makalori oonjezera kwa maola angapo. Cotero anthu anaganiza kuti akadya maulendo 6, thupi lidzatentha maulendo 6, kuposa wa maulendo atatu. Koma kutenthako kumatsatira kukula kwa cakudya. Titenge munthu amene amadya makalori 1,800 pa tsiku. Akagawa patatu, mbale iriyonse ili ndi makalori 600 ndipo pogaya thupi ligwiritsa nchito pafupifupi 60, zonse pamodzi 180. Akagawa maulendo 6, mbale iriyonse ili ndi 300, pogaya patha 30, ndipo zonse pamodzi ndi 180 yomweyo. Thumba la malasha limapereka moto wofanana, kaya muika pa mbaula ambiri nthawi imodzi kapena pang'ono pang'ono.

Cimene cimasintha gawoli ndi mtundu wa cakudya. Pogaya zakudya zomanga thupi monga nsomba, nyama, mazira ndi nyemba, thupi limawononga 20 mpaka 30 peresenti ya mphamvu ya m'gawo lomanga thupilo. Pa zakudya zopatsa mphamvu monga nsima, mpunga ndi buledi limawononga 5 mpaka 10 peresenti. Pa mafuta silipitirira 3 peresenti.

Kumene ganizoli linacokera

Mu 1964 dokotala Pavel Fábry ndi anzake a mumzinda wa Prague anasindikiza mu magazini ya za mankhwala ya The Lancet zimene anapeza pa azibambo 379 a zaka 60 mpaka 64. Amene ananena kuti amadya katatu kapena kucepera apo anali onenepa kwambiri kuposa amene ananena kuti amadya kasanu kapena kuposa. Kafukufuku wina wa mtundu womwewo anapezanso zofanana m'maiko ena, ndipo malangizo a kudya pafupipafupi anafala m'mabuku, m'manyuzipepala ndi m'malo ocitira masewera olimbitsa thupi.

Vuto linali pa njira yofufuzira. Ofufuzawo anangofunsa anthu za kadyedwe kao ndi kuwayesa pa sikelo. Mu 1997 katswiri wa ku France, France Bellisle, ndi anzake awiri anaunikanso kafukufuku yense wa pa nkhaniyi ndipo anachula zifukwa ziwiri zimene zinasokeretsa anthu. Coyamba, anthu onenepa amakonda kucepetsa pofotokoza zimene adya, makamaka tizakudya ta pakati pa tsiku, kaya mwa manyazi kapena mwa kuiwala cabe. Caciwiri, munthu akaona kuti wanenepa ndi pamene amayamba kudumpha cakudya. Apa kunenepa ndiko kunayamba, kudya kamodzikamodzi kunabwera pambuyo. Akatswiriwo ananenanso kuti pamene anthu anayesedwa ndi makina kwa maola 24, panalibe kusiyana kwa mphamvu imene thupi linawononga pakati pa odya pafupipafupi ndi odya patalipatali.

Njira yodalirika ndi kugawa anthu m'magulu mwa maere, kuwapatsa makalori ofanana, ndi kusintha ciwerengero ca maulendo okha. Izi zinacitika pa yunivesite ya Ottawa ku Canada, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2010. Anthu onenepa 16 anacepetsedwa makalori pafupifupi 700 pa tsiku kwa masabata 8. Gulu lina linadya katatu, lina katatu ndi tizakudya titatu pakati. Magulu onse awiri anatsika pafupifupi 5 peresenti ya kulemera kwao, ndipo panalibe kusiyana pakati pao.

Mu 2013 ofufuza a ku yunivesite ya Colorado ku America anatsekera anthu 15 m'cipinda capadera cimene cimayesa mpweya umene munthu akupuma, kuti adziwe mafuta amene thupi latentha usana ndi usiku. Mafuta otenthedwa anali ofanana pa kudya katatu ndi pa kudya maulendo 6. Cimene cinadabwitsa ena ndi cakuti pamene anthuwo anadya maulendo 6 ndi pamene anamva njala kwambiri. Mwina tizakudya tating'ono sitikhutitsa, timangodzutsa njala.

Ku Prague komweko, mu 2014, dokotala Hana Kahleova ndi anzake anayesa odwala shuga 54. Aliyense anatsatira njira ziwiri kwa masabata 12 iriyonse: kudya maulendo 6, ndiponso kudya kawiri kokha, m'mawa ndi masana, makalori ali ofanana. Pa kudya kawiri anatsika makilogalamu 3.7, pa maulendo 6 anatsika 2.3. Odwalawa anali m'manja mwa madokotala nthawi yonseyo, cotero zimenezi si zoti wodwala shuga angoyamba yekha kunyumba. Komabe zotsatirazi zitsutsa ganizo lakale lija mumzinda womwewo umene linayambira.

Cakudya ca m'mawa

Ambiri anakula akumva kuti munthu akadumpha cakudya ca m'mawa amanenepa cifukwa amadya mopitirira masana. Mu 2019 ofufuza a ku yunivesite ya Monash ku Australia anasonkhanitsa kafukufuku 13 wa magulu a maere ndipo anasindikiza mu magazini ya BMJ. Anapeza kuti odya m'mawa anadya makalori pafupifupi 260 oonjezera pa tsiku lonse, ndipo anali olemera pang'ono, kusakwana theka la kilogalamu, kuposa odumpha. Ofufuzawo anacenjeza kuti kafukufuku wambiri anali wa masabata ocepa cabe.

Izi sizitanthauza kuti phala la m'mawa ndi loipa. Zitanthauza kuti munthu wamkulu amene samva njala m'mawa sayenera kudzikakamiza kudya poganiza kuti aonda nako. Nkhani ya ana a sukulu ndi ina: mwana amene wapita m'kalasi ndi njala, makamaka amene sadya mokwanira kunyumba, amavutika kumvetsera mphunzitsi.

Kodi thupi limasunga mafuta munthu akadumpha cakudya?

Mantha a ambiri ndi akuti munthu akapanda kudya kwa maola angapo, thupi limaona ngati kwagwa njala, limacepetsa moto wake ndi kuyamba kusunga mafuta. Thupi silifulumira motero. Pakati pa cakudya ndi cakudya limatenga shuga amene linasunga m'ciwindi, ndipo akayamba kucepa limatembenukira ku mafuta. Ndiyo nchito imene mafutawo anasungidwira. Mu 2000 ofufuza a ku Vienna anayesa anthu 11 a umoyo wabwino amene anasala cakudya kwa maola 84, ndipo mphamvu imene matupi ao anawononga ali cikhalire siinatsike m'masiku oyambawo, inakwera pang'ono.

Kutsika kwenikweni kumabwera ndi njala ya miyezi. Umboni wochuka ndi wa ku Minnesota mu 1944 ndi 1945, pamene Ancel Keys anayesa azibambo 36 amene anadzipereka kuti madokotala adziwe mothandizira anthu osowa cakudya nkhondo yaciwiri ya dziko lonse ikatha. Kwa masabata 24 anadya pafupifupi theka la cakudya cao ca masiku onse. Anatsika gawo limodzi mwa magawo anai a kulemera kwao, ndipo mphamvu ya thupi ali cikhalire inatsika pafupifupi 40 peresenti, mbali ina cifukwa cakuti matupi ndi minofu yao zinali zitacepa. Munthu aliyense amene watsika makilogalamu angapo amafuna makalori ocepa kuposa kale, kaya anali kudya kawiri kapena kasanu, ndipo ici ndi cimodzi mwa zifukwa zimene sikelo imaimira pamalo amodzi pakapita miyezi ingapo.

Kusala kwa maola

Kuyambira m'ma 2010 njira ina inachuka kwambiri pa intaneti: kudya m'kati mwa maola 8 okha ndi kusala maola 16. Otsatira njirayi ambiri amaondadi, koma funso la ofufuza linali lakuti kodi ndi maolawo amene amaonjetsa, kapena ndi cifukwa cakuti munthu wadya zocepa.

Mu 2020 yunivesite ya California ku San Francisco inayesa anthu 116 kwa masabata 12. Amene anadya kuyambira 12 koloko mpaka 20 koloko anatsika pafupifupi kilogalamu imodzi, ndipo odya katatu pa tsiku anatsika pafupifupi 0.7, kusiyana kocepa kwambiri. Mu 2022 madokotala a mumzinda wa Guangzhou ku China anasindikiza kafukufuku wa caka cathunthu pa anthu onenepa 139. Onse anacepetsedwa makalori mofanana, koma theka anadya pakati pa 08 koloko ndi 16 koloko pokha. Awa anatsika makilogalamu 8.0, enawo 6.3, ndipo malinga ndi masamu a ofufuzawo kusiyanaku kukanatha kucitika mwa mwai cabe.

Mu 2023 gulu la ku yunivesite ya Johns Hopkins linaunika anthu 547 amene analemba nthawi zao zodyera pa foni, ndi kuyerekezera ndi kulemera kwao kwa zaka pafupifupi 6 m'mabuku a cipatala. Kutalika kwa nthawi kucokera pa cakudya coyamba kufika pa cotsiriza sikunagwirizane ndi kusintha kwa thupi. Cimene cinagwirizana ndi kunenepa ndi kuculuka kwa mbale zazikulu ndi zapakati zimene munthu anadya pa tsiku.

Mwezi wa Ramadan, umene Asilamu a ku Chipata, Lusaka ndi madera ena amasala kucokera m'bandakuca mpaka dzuwa kulowa, umaonetsa zomwezo. Kafukufuku wa m'maiko ambiri apeza kuti anthu amatsika pafupifupi kilogalamu imodzi m'mweziwo, ndipo ambiri amaibweza pakangopita masabata ocepa atabwerera ku kadyedwe kao.

Nthawi ya tsiku

Pa nthawi imene munthu amadyera, umboni ulipo koma ndi wosakanizika. Thupi limagwiritsa bwino shuga wa m'magazi m'mawa kuposa usiku. Ku Spain, kumene cakudya cacikulu ndi ca masana, kafukufuku wa mu 2013 pa anthu 420 anapeza kuti odya isanakwane 15 koloko anatsika kwambiri m'masabata 20 kuposa ocedwa kudya. Koma mu 2022 yunivesite ya Aberdeen ku Scotland itapatsa anthu 30 cakudya coyezedwa, nthawi ina cambiri m'mawa, nthawi ina cambiri madzulo, kutsika kwa thupi kunali kofanana. Phindu la kudya kwambiri m'mawa linali lakuti njala inacepa tsiku lonse, ndipo zimenezi zingathandize munthu kupirira.

Ogwira nchito usiku, monga anamwino, alonda, a m'migodi ndi oyendetsa malole a mitunda itali, amapezeka ndi kunenepa ndi matenda a shuga kawirikawiri kuposa anzao a masana. Apa zifukwa zimasakanikirana: tulo tosakwanira, kudya pakati pa usiku, ndi mtundu wa zakudya zopezeka nthawi imeneyo.

Pa mbale ya kwathu

Mabanja ambiri m'dziko lino amadya nsima kawiri, masana ndi madzulo, ndi tiyi kapena phala m'mawa. Palibe colakwika ndi dongosolo limeneli. Munthu wa m'tauni akamva malangizo akuti adye maulendo 6, nthawi zambiri sacepetsa mitanda ya nsima. Amangoonjezapo vitumbuwa pa 10 koloko, maheu kapena cakumwa ca m'botolo pa 16 koloko, ndi machipisi pobwerera kunyumba. Uku ndi kuonjeza cakudya, ndipo thupi limakwera.

Ziwerengero zocepa zingathandize. Supuni yaing'ono ya shuga iri ndi makalori pafupifupi 16, cotero amene amathira masupuni anai m'kapu ndi kumwa makapu awiri wamwa makalori oposa 120 asanakhudze buledi. Supuni yaikulu ya saladi iri ndi makalori pafupifupi 120, ndipo m'mphika wa ndiwo anthu ambiri amathira osayeza. Citini ca cakumwa cotsekemera ca mamililita 330 ciri ndi makalori pafupifupi 140, koma sicikhutitsa ngati cakudya cotafuna. Mowa nawo uli ndi makalori, kaya ndi wa m'botolo kapena wa masese.

Pali nkhaninso ya unga. Unga wa breakfast, umene ngakhale uli ndi dzina limenelo timaudya masana ndi madzulo, ndi wokonoledwa kwambiri ndipo wacotsedwa gaga wambiri. Unga wa roller ndi mgaiwa uli ndi gaga woculukirapo, amene amathandiza m'mimba ndi kukhalitsa munthu wokhuta. Makalori ake sasiyana kwambiri, cotero kusintha unga kokha popanda kucepetsa mitanda sikungatsitse sikelo. Cothandiza ndi kukulitsa mbali ya ndiwo: repu, cibwabwa, kalembula, delele, nyemba, kapenta, ndi kucepetsa mbali ya nsima. Malangizo a kadyedwe a dziko lino, amene boma linakhazikitsa mu 2021 mothandizana ndi bungwe la FAO, amalimbikitsa kudya zakudya za magulu osiyanasiyana tsiku lirilonse ndi kucepetsa shuga, mcere ndi mafuta. Bungwe la World Health Organization limanena kuti munthu wamkulu azicita zolimbitsa thupi, monga kuyenda mwacangu, mphindi 150 mpaka 300 pa sabata.

Motero ciwerengero ca maulendo munthu asankhe malinga ndi nchito yake ndi njala yake. Amene akadumpha ca masana amafika kunyumba atalusa ndi kumaliza mphika wonse, ndi bwino adye katatu. Amene akangolawa kanthu safuna kuleka, mwina kudya kawiri kungamuthandize. Acipatala amalangiza kutsika pang'onopang'ono, theka la kilogalamu mpaka kilogalamu imodzi pa sabata, ndipo kutsika ndi 5 mpaka 10 peresenti ya kulemera kwa thupi ndi kokwanira kuthandiza pa shuga ndi pa kuthamanga kwa magazi.

Pano pali cobvuta cina. Kwathu kunenepa kwakhala cizindikiro cakuti munthu akhala bwino, kapena kuti mkazi asamalidwa pa banja, ndipo kuyambira zaka za m'ma 1980 pamene AIDS inafala, munthu woonda anayamba kunong'onedwa. Ena amaleka kucepetsa thupi cifukwa coopa pakamwa pa anansi. Komabe kuonda kumene munthu sanakufune, makamaka kobwera ndi cifuwa, thukuta la usiku, ludzu lalikulu kapena kukodza pafupipafupi, ndi kofunika kupita nako ku cipatala msanga, popeza kungakhale cizindikiro ca TB, HIV, shuga kapena khansa.

Amene sayenera kudumpha cakudya

Zonse zanenedwa pamwambapa zikhudza akuluakulu a umoyo wabwino. Odwala shuga amene amabaya insulin kapena kumwa mapiritsi monga glibenclamide akadumpha cakudya, shuga wao angatsike kwambiri mpaka kunjenjemera, kutuluka thukuta, kusokonezeka mutu ndi kukomoka. Iwowa afunse dokotala kapena namwino asanasinthe nthawi zodyera, ngakhale pa kusala kwa cipembedzo. Cimodzimodzinso amene amamwa mankhwala ofunika kumwera pa cakudya, azimai apakati ndi oyamwitsa, okalamba ofooka, ndi odwala amene akucira.

Kwa ana aang'ono ciwerengero ca maulendo ndi cofunika kwambiri, cifukwa mimba yao ndi yaing'ono ndipo sangadye zokwanira pa ulendo umodzi. Mu 2018 ana 35 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu m'dziko lino anali opinimbira cifukwa ca kusadya mokwanira. Bungwe la World Health Organization limalangiza kuti mwana ayamwe bere lokha mpaka miyezi 6. Kucokera pa miyezi 6 mpaka 8 mwana woyamwa apatsidwe cakudya kawiri kapena katatu pa tsiku, ndipo kucokera pa miyezi 9 mpaka 23 adye katatu kapena kanai, ndi kacakudya kena kamodzi kapena kawiri pakati, monga nthoci, papaya kapena mbatata yophika.